Kundende Kulibe Anamkungwi

Nelia Saulosi, mtsikana wa m'mudzi wina kumpoto kwa Kabudula, anamangidwa Lolemba pa 9 Januwale 1956. Anali atamenya kapitawo wa malimidwe ndi mpini wa khasu pamkono, kapitawoyo akuzula chimanga cha amayi ake chifukwa mizere inatsata kutsetsereka kwa munda m'malo mopingasa. Nelia anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ku boma kunalibe malo osungirako ana aakazi, motero anamutsekera m'chipinda chimodzi ndi amayi akuluakulu, kudikira mlandu. Pa 27 Febuluwale anamupereka m'manja mwa atsibweni ake, a Amoni Chikoti, mlongo wa amayi ake, kuti adzabwere naye pa 26 Malichi. Pofika kwawo anapeza mlongo wake Isaki, wa zaka ziwiri, ataikidwa kale m'manda.

Sabata yachiwiri chibwerereni Nelia, makolo ake anali akadakangana za maliro a Isaki. M'mawa umenewo anali m'chigafa, akusoka fodya.

"Ine ndingofuna dzina lake basi," anatero Nambewe, mayi wa Nelia, maso ali pa fodya. "Mwana anapita, sadzukanso. Koma dzina la mkaziyo ndilimve."

"Mkazi wake uti?" anafunsa a Saulosi.

"Wa ku Msundwe, kumene munakacheka matabwa mu Novembala."

"Ku Msundwe ndinkagona m'dzenje la macheka ndi Rodwell. Kapena mkaziyo ndi Rodwell? Ndi ndevu zonse zija?"

"Musandiseketse, atate a Nelia, ine ndili pa maliro. Mwana satupa mapazi popanda chifukwa. Nkhope kutupa, tsitsi kufiira, chifuwa chosatha. Amayi onse amene anasambitsa mtembo anaona, ndipo onse ananena mawu amodzi: tsempho. Wina wa m'nyumba mwathu anachita chosayenera, mwana n'kudulika. Ine sindinachoke pamudzi pano. Nanga watsala ndani?"

"Mwanayo ankadya phala la gaga, Nambewe. Nkhokwe inatha mu Okutobala. Inali njala."

"Ana onse m'mudzi muno ankadya gaga. Bwanji anafa wanga yekha?"

A Saulosi anali mkamwini, kwawo kunali ku Chiwamba. Munda, nyumba ndi chigafa chimene anamanga ndi manja awo, zonse zinali pa malo a akuchikazi, ndipo mlandu wotsempha mwana unali wokwanira kuwasamutsa. Anaweramira fodya wawo, akupukusa mutu.

Nambewe atatembenuka kuti atenge masamba ena, anaona Nelia ataima pakhomo pa chigafa, mtolo wa fodya uli pamutu.

"Waima pamenepo chiyambire liti? Lowa, tula."

"Simunandiuze kuti ndilowe," anatero Nelia.

Umu ndi mmene analili tsopano. Sankalowa paliponse asanauzidwe, sankakhala pansi asanauzidwe. Akafuna kupita kuthengo ankayamba wapempha. M'mawa, aphunzitsi a sukulu ya mishoni akamenya chitsulo choitanira ana, Nelia ankasiya chimene wagwira, n'kunyonyomala pomwepo manja ali pamutu, n'kufuula nambala yake ya kundende kuti, "Seveni!" Kenako ankayang'ana uku ndi uku ngati wadzuka kutulo. Ana a m'mudzi anayamba kumutchula Seveni, mpaka Nambewe anathamangitsa awiri ndi chikuni.

Tsiku limene Nelia anafika, akazi amene anabwera kudzamuona anadabwa kuona mutu wake uli mbee, ngati mitu ya onse a pabanjapo amene anameta maliro a Isaki.

"Anakuuza ndani za maliro kuti umete?" anafunsa mayi wina.

"Anandimeta tsiku lolowa. Amati nsabwe."

"Ha! Ndiye kuti iwe unameta maliro asanachitike."

Mayiyo ankangolankhula, monga amalankhulira anthu pakakhala chete. Koma Nelia anagwira mutu wake ndi manja onse awiri, n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo anamumva akusanza.

Chimene chinamusokoneza kwambiri Nambewe chinali mchere. Kwa zaka zambiri, iye akakhala kumwezi, Nelia ndiye ankathira mchere m'ndiwo, poti mchere wothira mwana wosakula sudula munthu. Masana a tsiku la mkangano wa m'chigafa lija, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, Nambewe anamulozera kachitini ndi chigongono.

"Thira mchere m'nkhwanimo."

Nelia anabisa manja kumbuyo.

"Wamva? Ndati thira mchere."

"Sindithira, amayi."

"Chifukwa?"

Nambewe anaimirira, n'kumuyang'ana mwana wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatsitsa mawu.

"Kodi wakula? Waona zachilendo m'thupi? Undiuze, ndikaitane anamkungwi. Umenewo si mlandu."

"Iyayi."

"Nelia."

"Iyayi, amayi. Sindinaone kanthu."

Mtsikana wosakula alibe chifukwa choopera mchere. Ngati sikunali kukula, Nambewe ankadziwa chinthu chimodzi chokha chotsala.

"Kumene kuja kunali amuna?"

"Kunali asilikali pa geti."

"Alipo anakugwira?"

"Iyayi."

"Nanga bwanji ukuopa mchere?"

Nelia anayang'ana kunjira. "Ndingapite kuthengo?" anafunsa.

Madzulo ake Nambewe anapita kwa mlongo wake. Anawapeza a Amoni pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu cha njinga.

"Alongo, mwana munabwera nayeyu si uja anapita."

"Ndiye kuti ndinasinthitsa panjira? Ndende imakakamira m'thupi, mlongo wanga. Ngakhale amuna akuluakulu akachoka kumeneko amayamba asamba mankhwala asanalowe m'nyumba. Ife tinachedwa. Mawa ndikwera njinga, ndikatenge ku Nambuma."

"Ine ndikuopa kuti anamuwononga."

"Wakuuza?"

"Wakana."

"Iwe ndi kufuna kuti anthu avomere! Alamu akukana, ukuti avomere. Mwana akukana, ukuti avomere. Mawa udzati nanenso ndivomere kuti ndinadya nkhuku ya amayi ija, chaka cha dzombe."

"Munadya. Koma ine sindinabwerere nthabwala."

A Amoni anaika chubu pansi. "Za alamu tidzakamba Loweruka pa 24, ankhoswe awo akabwera kuchokera ku Chiwamba. Unapempha wekha, ndaitanitsa. Za mwanayu, chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndinadinda chala ku boma. Akapanda kuoneka pa 26, wokalowa m'chipinda ndine. Ndiye achire, ayende."

"Panjira ananena chiyani?"

"Zochepa. Titangotuluka pa geti anakana kukwera njinga, ati tiyambe tafunsa za Fanny."

"Fanny ndani?"

"Mnzake wa m'chipindamo, ati. Ndinati tiye, dzuwa likupita. Za Isaki ndinamuuza pa Nsaru, titatsika kuti tikankhe njinga pamchenga. Ndinkayembekeza kuti alira, agubuduka pansi. Iye anangofunsa kuti, 'Tsiku lanji?' Osati wafa ndi chiyani, ayi. Tsiku lanji. Ndinati Lachitatu, pa 8 Febuluwale. Anawerenga zala zake, basi. Mpaka kufika kuno, pakamwa tseke."

Nambewe anabwerera kunyumba ali ndi mafunso ambiri kuposa amene anapita nawo. Mwana womva za imfa ya mlongo wake amawerengeranji zala?

Mankhwala a ku Nambuma anabwera. Anamusambitsa Nelia pa mphambano ya njira, iye ataima ngati chitsa, madzi akutsika m'mutu wometa uja. Anamufukizira, anamutemera m'mapewa. M'mawa mwake chitsulo cha kusukulu chitalira, ananyonyomala ngati kale.

Sabata yachitatu anayamba kufunsa za Isaki. Anafunsa nsalu imene anamukulunga nayo, poti mwanayo ankamva kuzizira msanga. Anafunsa mbali ya manda imene anamuika. Tsiku lina akupeta, anasiya lichero n'kunena kuti, "Kumeneko akumubereka ndani?" Nambewe anayesa kuti chisoni chayamba kutuluka, ndipo mtima wake unakhala pansi pang'ono. Mwana wolira amachira, anaganiza motero. Koma Nelia sankalira.

Lachitatu pa 21 Malichi anapita onse awiri kuchitsime cha kudambo. Nelia anadzaza mtsuko wake, koma sanadzuke. Anakhala chogwada, akuyang'ana m'madzi.

"Amayi, munthu akafa mlandu wake umatha, eti?"

"Usamayankhule zopusa. Mlandu wako ndi wa mkono wa kapitawo, ndipo mkonowo unapola kalekale. Ndamuona dzana akupalasa njinga ndi manja awiri, mimba patsogolo."

"Si umenewo."

"Nanga uli ndi milandu ingati, iwe mwana?"

Nelia anasenza mtsuko, n'kutsogola.

Lachisanu pa 23, dzuwa lili paliwombo, Nambewe akuchokera kumunda ndi maungu awiri, anaona mbuzi yawo ili m'mtedza wa eni ake, khosi lili lokhalokha. Anayamba ndi kukalipa. Anaitana Nelia kawiri, osamva yankho. Analowa m'nyumba kuti aone ngati wagona. Pa mphasa panali diresi lake limodzi lija lopitira kutchalitchi, lochapidwa, lopindidwa bwino, mikanda yake ili pamwamba.

Nambewe anayang'ana diresi. Anayang'ana pakhomo, pamene mbuzi inkaoneka patali yopanda chingwe. Mawu a kuchitsime aja anamubwerera onse, mmene analili. Maungu anagwa pansi.

"Atate a Nelia!" anakuwa podutsa pa chigafa. Sanaime.

Msitu wa kumanda unali kuseri kwa minda, ndipo mkazi salowamo popanda maliro. Nambewe anathamanga osaganiza za zimenezo. Koma sanafike polowa. Nelia anali m'mphepete mwa msituwo, atakhala pansi pa mtengo wa msuku, miyendo atatambasula, chingwe cha mbuzi chili pamiyendo.

Nambewe ankafuna kumulumphira, kumulanda chingwe, kumumenya, kumukumbatira. Koma anangogwa chokhala pafupi naye, akupuma ngati wothamangitsidwa.

"Mbuzi yamasuka," anatero Nambewe.

"Ndaimasula ndine."

"Wadzatani kuno?"

"Ndimafuna kuona pamene munamuika, kuti ndikhale pafupi. Ndafika kalekale, koma miyendo ikukana kulowa."

"Tiye kunyumba, mwana wanga."

"Kunyumba ndikapha wina."

"Ukapha ndani? Wapha ndani iwe?"

Nelia anapotokola chingwe m'zala zake. Polankhula sanayang'ane amayi ake, ndipo mawu ake anali osalala, ngati akunena za munthu wa mudzi wina.

"Ndinakunamizani. Ndinakula. Kundende konkuja."

"Liti?"

"Lamulungu lachitatu chilowereni. Ndinadzuka bulangeti litada. Ndinkayesa kuti nyemba zawo zija zandicheka m'mimba. Amayi a m'chipindamo ena anaseka, wina anati ndisayandikire chidebe cha madzi akumwa. Fanny yekha ndiye anabwera."

"Fanny ameneyu ndani?"

"Wa pa esiteti ya fodya ku Namitete. Makolo ake ndi matenanti, kwawo ku Mulanje. Anamugwira ndi chinangwa cha pa esitetipo. Msinkhu ngati wanga, koma iye anavinidwa kale. Anang'amba bulangeti lake n'kundipatsa kansanza, n'kundionetsa mochitira. Ndiye anati, 'Uwauze akwanu msanga. Mtsikana akakula n'kubisa, kunyumba kumafa munthu.'"

Nambewe anawadziwa mawu amenewo. Naye anauzidwa omwewo ali mtsikana, ndipo akanakhala kuti Nelia anakulira pakhomo, akanawamva kwa anamkungwi a m'mudzi momwemo. Ankanenedwa kuti mwana asachite manyazi, athamangire kwa akulu. Palibe amene anaganizapo za mwana amene akulu ake ali kutali, chitseko chili chokhoma.

"Sindinafune kubisa, amayi. Ndinagwada kwa mayi wa makiyi amene ankatilondera. Ndinati tumizani mawu kwathu ku Kabudula kuti ndakula. Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati, 'Kuno kulibe anamkungwi, Seveni. Kuno kuli boma.' Tsiku lomwelo inali nthawi yanga ya kukhitchini. Anandipatsa mchere kuti ndithire m'nyemba za anthu onse. Ndinakana. Anandikwapula ndi lamba, ndinathira. Onse anadya. Fanny anadya."

"Ndiye?"

"Mayi wa makiyi uja anaona bulangeti la Fanny long'ambika lija. Anati wawononga katundu wa boma, n'kumutsekera yekha m'kachipinda kopanda windo. Potuluka sankayankhula ndi munthu. Anasiya kudya. Kwa ine yekha ankati, 'Ndatopa, Nelia, bola kungogona osadzuka.' Miyendo yake inayamba kutupa. M'mawa wina anamunyamula pa bulangeti lomwelo. Ndinafunsa, wina anati kuchipatala. Wina anati kwawo. Wina anangondiyang'ana. Kenako atsibweni akuti Isaki pa 8. Ndinawerenga, amayi. Kuchoka pa Lamulungu lija, masiku khumi okha. Ndiye awiri amenewo. Ndipo Lolemba mukandibweza komweko, akandipatsenso mchere."

Nambewe anagwira dzanja la mwana wake. Linali lozizira, ndipo silinasiye chingwe.

"Tamvera. Isaki anayamba kutupa Khirisimasi isanafike. Unkamubereka ndiwe, unaona ndi maso ako."

"Ankatupa, koma ankayenda. Ankandiitana kuti Neya."

"Sunamuphe iwe."

"Ndiye ndani? Tsiku lililonse mumanena kuti wina wa m'nyumba mwathu anamudula. Atate akuti si iwo. Inu simunachoke pamudzi. Munafunsa nokha m'chigafa muja kuti watsala ndani. Ndinamva. Watsala ndine."

Nambewe anatsegula pakamwa. M'mutu mwake zinthu zinkazungulira ngati mankhusu pa kamvuluvulu: mapazi a Isaki, akazi osambitsa mtembo, dzenje la macheka, mayi wa makiyi amene sanamuonepo. Anagwira mawu amene anali pafupi, ndipo anali mawu a mwamuna wake.

"Mwina inali njala chabe."

"Ana onse m'mudzi muno ankadya gaga," anatero Nelia. "Bwanji anafa wathu yekha?"

Anali mawu a Nambewe omwe aja, osasintha ngakhale pamodzi. Akanena kuti panalibe tsempho, mwanayo sakhulupirira, poti milungu yonseyi anamva zina kuchokera pakamwa pomwepo. Akanena kuti linalipo, liyenera kukhala ndi mwini wake.

Kumbuyo kwawo kunathyoka kamtengo. A Saulosi anali ataima pamenepo, chipewa chili m'manja, malaya atanyowa ndi thukuta. Nambewe sanadziwe kuti afika nthawi yanji, koma nkhope yawo inaonetsa kuti amva zokwanira. Anabwera pang'onopang'ono, n'kunyonyomala patsogolo pa mwana wawo, chinthu chimene sanachitepo chibadwire Nelia.

"Nelia, taona kuno. Amako sakunama. Ku Msundwe kunali mkazi."

Nelia anakweza maso. Aka kanali koyamba kuyang'ana munthu kumaso chibwerereni.

"Munati munkagona m'dzenje la macheka ndi a Rodwell."

"Tsiku lina sindinagone m'dzenje."

"Dzina lake ndani?"

"Edith. Wophika mowa kuseri kwa msika. Nditabwerako ndinamunyamula Isaki, osawauza amako, osafuna mankhwala. Umo munali mu Novembala, iwe usanamangidwe, usanakule. Iwe sunabise kanthu, unagwada n'kunena. Wobisa ndine. Mwana ndinamudula ndine."

Nambewe anali atafunafuna dzina limeneli chiikireni maliro, m'mawa ndi madzulo, ndi mawu okoma ndi otukwana omwe. Tsopano linali litatuluka, ndipo sanadziwe pokaliika. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake kuti aone manyazi, kapena bodza, kapena china chilichonse. A Saulosi sankayang'ana iye. Maso awo anali pa zala za Nelia.

"Nanga Fanny?" anafunsa Nelia.

"Fanny palibe watiuza kuti anafa. Tikafunsa Lolemba. Bwera nacho chingwecho, mbuzi ikutha mtedza wa eni ake."

Anatambasula dzanja, n'kudikira. Nelia anachigwirabe chingwecho kwa nthawi yaitali. Kenako anachiika m'dzanja la atate ake. Pamenepo ndi pamene analira, kulira kwa maliro kwenikweni, akutchula dzina la Isaki, mpaka anthu amene anali m'minda yapafupi anabwera akuthamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Loweruka ankhoswe anafika kuchokera ku Chiwamba atakonzeka kukana mlandu. A Saulosi anawadula mawu asanayambe. Ananena zomwe zija, dzina lomwe lija, pamaso pa onse, Nelia akumva ali m'khonde. Nkhani sinatalike. Anagamula kuti mkamwiniyo anyamule mphasa yake abwerere kwawo, fodya atsale wa ana.

"Ndinkayesa ndimawadziwa alamu anga," anatero a Amoni anthu atabalalika. "Munthu woti mowa samwa akafune chiyani kwa wophika mowa?"

Nambewe naye funso lomwelo linali litamuvuta kale.

Madzulo a tsiku lomwelo anamkungwi awiri anamutengera Nelia m'nyumba n'kumulanga mwachidule, popanda ng'oma, poti nthawi inalibe. Lamulungu masana Nambewe anamupatsa kachitini ka mchere. Nelia anatapa, mchere wina n'kutayikira pa mafuwa. Wotsala anauthira m'ndiwo. Nambewe anadya woyamba, pamaso pake, n'kunyambita zala. Nelia anadya pang'ono, maso ali pa amayi ake, ngati akudikira kuti agwe.

A Saulosi ananyamuka atatha kudya, mphasa ndi macheka awo zili paphewa. Nambewe anawaperekeza mpaka pa mphambano pamene anasambitsira Nelia. Pamenepo anaima.

"Atate a Nelia, Edith ameneyo alikodi?"

"Mwana wadya?"

"Wadya. Koma ine ndafunsa zina."

"Chingwe chija ndachiponya m'moto wa m'chigafa. Mbuzi muziitsekera m'khola, ndi bwino iwonde. Kuchitsime asamapite yekha."

"Atate a Nelia."

"Fodya wa kumtunda uja akufuna utsi wina. Musamusiye Amoni ayatse yekha, amakonda moto waukulu."

Anasintha phewa, n'kulowa njira ya kum'mawa. Nambewe anaima mpaka chipewa chawo chinabisika m'chimanga. Ngati ananena zoona, iye anali atachotsa pamudzi munthu amene anapha mwana wake. Ngati ananama, anali atachotsa munthu amene anapulumutsa winayo. Anayesa kukwiya, mkwiyo sunabwere. Anayesa kulira, misozi nayo inakana.

Lolemba pa 26 Malichi anafika ku boma atatu, a Amoni akukankha njinga, Nambewe atagwira dzanja la Nelia chichokereni kumudzi. Ataona khoma la ndende, Nelia anayamba waima, kenako anayenda. Anakhala pa khonde la khoti mpaka dzuwa linapendeka. Kenako mesenjala anatuluka n'kunena kuti woweruza ali pa ulendo, mlandu wasunthidwa kufika Lolemba pa 23 Epulo, ndipo mtsikanayo abwerere ndi atsibweni ake monga kale.

"Akadzaweruza adzamutsekeranso?" anafunsa Nambewe.

"Ine ndine woweruza, mayi?" anatero mesenjalayo, n'kulowa.

Asananyamuke, Nelia anakoka amayi ake mpaka pa geti ya mbali ya akazi. Iye anaima patali, Nambewe ndiye anafunsa. Panali mayi wina wa makiyi, osati uja.

"Fanny wa ku Namitete? Kuno amadutsa ambiri, mayi. Funsani kuchipatala."

"Chipatala chake chiti?"

"Funsani konko."

A Amoni anali akuloza dzuwa. Ananyamuka. Anayenda mtunda wautali, Nelia ali pakati. Atatsala pang'ono kufika pa Mpingu, mtsikanayo analankhula, osayang'ana aliyense.

"Pa 23 ndidzafunsa ndekha. Inu simumudziwa nkhope."

Nambewe anawasunga mawu amenewo. Chibwerereni kundende, anali mawu oyamba amene Nelia ananena za tsiku la m'tsogolo iye alimo. Komabe dzanja lake sanalisiye mpaka kukafika kumudzi, ndipo mbuzi inakhala m'khola.

Mwezi wa Malichi unatha mlandu usanazengedwe. A Amoni atadutsa pa Msundwe pa 31, anafunsa kuseri kwa msika za mkazi wophika mowa dzina lake Edith. Ena anati analipo koma anasamuka. Ena anati sanamumvepo.